Foni ya Yusufu sikulowa

Lachinayi, tsiku londipsetsa mtima.

Ndachita manyazi lero. Ndawaikira tiyi ndi mandasi alamu anga a Saidi, kuiwala kuti ndi mwezi wa Ramadani, akufunga, sakudya masana. Iwo angoseka, n'kukhala mpaka madzulo kundiphunzitsa za Iran, kumene mwana wawo Yusufu akuphunzira. Akuti boma la kumeneko lachita nzeru kutseka intaneti poti adani alizungulira, ndipo limapatsa zida anzake akunja kuti nkhondo izithera kutali.

"Alamu, anakulembani unduna kumeneko?" ndawafunsa. "Mlongo wanga, akazi anu, sakudya chifukwa cha nkhawa ku Liwaladzi, foni ya mwana sikulowa, inu mukuombera m'manja otsekawo!"

Atseke malire awo, koma mwana alephere kuuza mayi ake kuti ali moyo? Chitetezo chanji chimenecho?

Atakwera kale njinga, a Saidi atembenuka n'kunena motsitsa mawu: "Alamu, tamuyesaninso pa foni yanuyo. Mwina yanga ndi imene yavuta."