Chitini cha Mchere cha Amayi

Blantyre,
9 Julaye, 1979

Okondedwa achimwene Sebastiano,

Moni wochuluka. Muli bwanji ku Makhangako, inu ndi alamu anga a Estere ndi ana? Nanga Amayi, mwendo uja ukadali wotupa, kapena mankhwala ndinatumiza aja agwira? Ine kuno ku koleji ya aphunzitsi ndili bwino, kungoti chisanu chandipezerera. Munthu wobadwira m'ng'anjo ngati ine, chiperoni chikagwa ndimagona ndi juzi ndi masokosi omwe, anzanga nkumandiseka kuti Msena wauma.

Kalatayi sindinaponye ku positi. Ndapatsira a Jeremiya ogwira ntchito m'sitima aja kuti akupatseni pamanja. Muwerenge muli nokha. Amayi asamve, poti mtima wawo mukuudziwa, ndi wofewa ngati papaya lakupsa.

Timavuto sitisowa. Sabata yatha anyamata a chipani anandibweza pachipata cha msika chifukwa khadi ndinaiwala m'sutikesi, ndinabwerera wopanda sopo. Koma izo nzazing'ono.

Mphunzitsi wathu wa Chingerezi, mzungu wa ku Amereka, anatipatsa buku lakale la kwawo. M'bukumo olemera amakhala pamtunda, m'nyumba zoyera za makhonde aakulu, osauka kumunsi kothera madzi oipa. Anati tilembe chifukwa chimene wolemba anaikira anthu ake m'malo otero, ati malo amanena zimene pakamwa pamabisa. Anzanga anatuluka nalo thukuta funsolo. Ine ndinalemba mpaka dzanja kuwawa, koma maso anga sanali ku Amereka ayi. Anali ku esiteti ya nzimbe, pakhomo pa atsibweni athu a Geresomo.

Inu simunapite ulendo uja, munatsala mukuzula nsichi za nyumba m'matope. Amayi anandiletsa kunena, ine ndasunga zaka zonsezi, koma lero mumva. Chinali chaka chimene Ruo anatilanda nyumba ndi nkhokwe, Abambo atangotisiya kumene. Amayi anati tipite kwa mlongo wawo, mwana amene anamubereka kumsana agogo aakazi atamwalira, amene anamulukira mphasa zogulitsa mpaka anatsiriza sukulu. Sitinkafuna zambiri, thumba la mapira basi.

Ku esitetiko sufunsa kuti uyu ndani, umangoona pamene nyumba yake yaima. Azungu kumtunda, pa kapinga wothiriridwa. Kenako mabwana achikuda ngati atsibweni, nyumba za malata ndi magetsi. Kumunsi, m'mbali mwa ngalande, ndiko kumakomboni a odula nzimbe, kwa udzudzu.

Tinafika kukhomo lakumaso, mapazi ali mbuu. M'nyumba munali alendo. Akazi a atsibweni, a Clotilda, atangotiona anatizunguliritsa kuseri, kukatikhazika pa sitepe ya nyumba ya wantchito, pafupi ndi khola la galu. Tiyi anabwera m'zitini za jamu, achimwene, pamene pawindo tinkaona makapu a maluwa akuyenda pa thireyi. Mlendo wina atafunsa kuti anthuwo ndani, ndinamva ndi makutu angawa atsibweni akuyankha kuti ndi aganyu ochokera kumadzi, abwera kudzapempha. Amayi anamvanso. Anamaliza tiyi wawo, nkunena kuti takhuta, kenako anapempha ngati angatenge chitinicho, ati nchabwino kusungiramo mchere. Mapira sitinawaone. Chitini chimene mumatapamo mchere tsiku ndi tsiku chija, nchomwecho.

Tsopano imvani zimene Mulungu wachita. Lamulungu lapitali galimoto inaima pa koleji, wotsikamo atsibweni, mimba patsogolo, akundiitana kuti mwana wanga Jesinta. Ha! Ine mwana wawo lero? Ananditengera ku hotela, nkundigulira nkhuku. Ndinadya, sindinasiye ndi fupa lomwe.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wawo Priska wapeza banja, mnyamata wa ku Dedza, bambo ake ndi bwana wamkulu m'boma. Akuchimunawo akana zochitira chinkhoswe ku esiteti, ati nyumba ya kampani si mudzi. Akufuna adzaone kumene kunakwiriridwa mchombo wa atsibweni, ndiponso adzagwire dzanja la azakhali a mtsikana. Azakhaliwo padziko lonse lapansi ndi Amayi okha. Popanda iwo mwambo suyenda.

Tsono atsibweni anawauza kale anthuwo kuti kwawo nkwa anthu opeza bwino. Ndiye apangana ndi a Fernando a sitolo kuti abwereke nyumba yawo ya njerwa ija, yapamtunda pafupi ndi siteshoni, Amayi akakhale pakhonde ngati eni ake. Andipatsa nsalu ndi nsapato zoti ndiwatumizire. Anawonjezanso kuti tsikulo Amayi ayesetse kulankhula Chichewa chokhachokha, Chisena chisatuluke, chingachititse manyazi. Anati ine ndine wophunzira, ndimvetsa. Ndinavomera ndi mutu, mtima ukuwira. Za zitini zija sanatchule nkomwe, ndikhulupirira anaiwala. Wobaya amaiwala, wobayidwa ndiye saiwala.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene, ndipo musandikanize. Alendowo afika ndi sitima Loweruka lomaliza la Ogasiti, ndipo wowalandira pa siteshoni ndinu, poti atsibweni adzakhala ali kalikiliki kuyala mipando kwa a Fernando. Musawakweze kumtunda. Atsitseni njira ya kudimba, adutse m'bango muja ndi nsapato zawo zonyezimira, mpaka pakhomo pathu penipeni. Khoma musalizire. Mzere umene madzi a chaka chino anasiya m'khomamo uoneke, aone pamene Ruo amafika azakhali a mkwatibwi akugona. Amayi muwauze kuti alendo asintha maganizo, akufuna kufikira pakhomo. Avale chitenje chawo chomwe chija, alonjere m'chilankhulo chimene anayamwira. Nsalu ndi nsapatozo ndazisunga pansi pa bedi, ndidzabweza kwa mwini wake anthu akuona.

Akakhala pamphasa, mutume uthenga kumtunda kuti alendo afika kwawo kwa a Geresomo. Ndikufuna ndidzawaone atsibweniwo akutsika njira imeneyo ndi suti yawo, aliyense wa m'mudzi akuwaitana dzina lawo laubwana. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ndikudziwa mufunsa za Priska. Nanenso zandisowetsa tulo, poti mwanayo sanatilakwire. Tsiku lija anali kamwana, ankatisuzumira pawindo chala chili mkamwa. Mwina anthu a ku Dedzawo akaona matope adzanyamuka osatsanzika, banja nkuthera pomwepo. Ndaganiza, ndalira, koma sindisintha. Ngati mnyamatayo akufuna Priska, adzamutenga ngakhale pamphasa ya Amayi. Ngati akufuna nyumba ya a Fernando, akakwatire njerwazo. Koma Amayi asadzakhale chidole pakhonde la eni, atatsekedwa pakamwa, kuti asangalatse munthu amene anawatcha waganyu. Zimenezo ndakana, ndipo Priska akadzandida ndidzasenza ndekha.

Mzungu uja wandibwezera pepala langa. Analemba m'munsi kuti ndamvetsa bwino, koma ndalemba mokwiya kwambiri, nkhani ya m'buku siyofunika kupsera mtima chotero. Pepalalo ndangolipinda nkuliponya m'sutikesi.

M'kaphukusi kali ndi a Jeremiyako muli kambale kachivindikiro. Mupatse Amayi, muwauze kuti ndi mphatso yanga yosungiramo mchere. Chitini chija muchitenge mwakachetechete, muchitsuke, muchibise kudenga. Dzimbiri lake musalipale. Makapu abwino a alendo mubwereke kwa a Luisa a kutchalitchi, akwane aliyense, kungoperewera munthu mmodzi. Ine ndifika Lachisanu lake.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ndanenepa. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa agogo a Lazaro, ndi kwa achemwali a Anna ku Chapananga ngati wina akupita kumeneko. Atsibweni a Geresomo okha musawapatse moni wanga. Ndidzawapatsa ndekha pamaso pa alendo awo, nditagwada mwaulemu wonse, ndi manja awiri, tiyi ali m'chitini chawo.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta