Foni ya Tusa mu Kabati

4 Malichi
Tusajigwe amuchotsa sukulu. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Fomu 3. Amupeza ndi foni, akufunsa nzeru za makina zija amati AI mafunso a sayansi. Pasukulu pano ukapezeka ndi foni, nyamuka. Kalata yomuchotsa ndataipa ndine, poti kalaliki ndine. Foninso ndakiyira ndine mu kabati, pamodzi ndi zina zolandidwa. Yachikuto chofiira, yong'aluka pakona.

6 Malichi
Ndawagwadira ahedi, a Mwaipopo. "Mayi a Tusa, ndikakhululukira wanuyu, mawa sukulu yonse ndi mafoni okhaokha." Amanena uku akusenda nthochi. Sukulu yolipira sindingaikwanitse. Mtima ukuwawa.

22 Epulo
Pawailesi: aphungu akukambirana lamulo loti ana onse a m'sukulu za boma aziphunzira nzeru za makina. Tusa amasankha nyemba. Anaseka kuseka kouma. "Amayi, ndiye kuti ine ndinangofulumira?"

9 Meyi
Ndapitanso kwa ahedi. Akuti lamulo likadutsa tidzaona. Mchemwali wanga ku Dar es Salaam wamupezera Tusa ntchito yolera mwana. Ndati ayi, adikire kaye. Yunifolomu ndimaichapabe, ngakhale palibe woivala.

27 Juni
Lamulo ladutsa. Ndinathamangira ku ofesi ya ahedi ngati mwana. "Lamuloli likuti tiphunzitse, mayi. Silikuti tibweze amene tinachotsa." Basi.

1 Julaye
Tusa wakwera basi ya ku Dar. Sanalire. Ine, pomutsanzika m'basimo, ndalira mpaka kondakitala kundiuza kuti nditsike.

15 Julaye
Phunziro latsopano layamba lero. Makompyuta kulibe, akuti abwera. A Sanga, aphunzitsi a sayansi, anabwera kudzapempha kiyi wa kabati. Anasankha yofiira. "Iyi ili nazo kale zonse, sitivutika." Anaitchaja pa tebulo langa. Kenako, osandiyang'ana kumaso, anafunsa manambala otsegulira. Sindimawadziwa. Ndinayesa chaka chimene ndinabadwa. Inatseguka.

Ndinaima pawindo la Fomu 3. Ana kuunjikana, kukankhana, kuseka. Funso lomaliza la Tusa linali likadali pomwepo. A Sanga analiwerenga mokweza. "Funso lanzeru ili! Ndani angayese kuyankha?"



Ndamuimbira madzulo pa foni ya abwana ake. Akuti aimbanso, akuchapa matewera. Za foni yake sindinamuuze.