Moto Wosazima wa Kukhola

Achimwene Imrich,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada, komwe mwathako zaka khumi tsopano. Kuno kwathu ku Liptov chisanu chatha, ndipo Loweruka tinakweza nkhosa kuphiri, mabelu a m'khosi mwake akulira mudzi wonse. Bambo anatsogolera ngati kale, n'kuyatsa moto wa kukhola uja, umene pamwambo wathu suyenera kuzima mpaka nkhosa zitatsika kuphiriko.

Lachiwiri ndinapeza phulusa litazizira, abusa ali kubusa, bambo atangokhala. Anandifunsa kuti, "Kodi Imrich wapita kukatola nkhuni uja sanabwerebe?"

Motowo ndinauyatsanso mwakachetechete, ndipo palibe akudziwa. Musade nkhawa, mkaka ukutuluka wambiri, ndipo zonse ndazigwira ndine. Koma nkhunizo, achimwene, musachedwe nazo.

Ndine mlongo wanu,
Hedviga