Mgolo wa thobwa la pa chiliza chanu

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Chikanda tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi watha, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, moti tikuopa kuti pakamwanso adzatengera inu. Chimanga kumudzi ku Songani chinachita bwino, koma nandolo anathera mbuzi za aneba.

Ine ndikadali pafakitale ya matabwa ija m'munsi mwa phiri. Chaka chino abwana anandipatsa ntchito yosankha migolo yatsopano yachitsulo, yonyamulira mankhwala amene timaviikamo mapolo kuti chiswe chisadye. Ndinasankha monga munkasankhira mphika pamsika: kugogoda, kusuzumira mkati, kuona pomwe anawotcherera, kuyesa chivindikiro. Yopepuka ndinaikana. Yakale ija ndinaiboola pansi yonse isanapite kotaya, kuti wina asadzasungiremo madzi. Mankhwala amenewo amalowerera m'dzimbiri. Ngakhale mukweche ndi mchenga sachoka, ndipo amapha.

Tsono mtima wanga suli m'malo, amayi. Loweruka likudzali tikuvundukula chiliza chanu, ndipo achimwene anu, amalume Dikisoni, agula mgolo wa thobwa kwa wowotcherera zitsulo wina pa Songani. Esinati, amene ali kumudzi komweko, wanditumizira chithunzi pafoni. Pansi pake pali chigamba, pamalo penipeni pomwe ndinkaboola ine.

Ndawaimbira amalume, andiseka. Akuti autsuka ndi sopo, sukununkha kanthu, ndipo ife a m'tauni timaopa ndi mphemvu yomwe. Inu munkati tsoka silinunkha. Ndikanawauza mawu amenewo, koma anali atadula kale foni.

Thobwa athiramo m'mawa uno. Amayi a mvano anzanu adzamwa, ana adzamwa. Esinati adzamukakamiza makapu awiriawiri, poti thobwa limachulukitsa mkaka. Ndamuuza kuti asalawe ngakhale pang'ono, akhale pafupi ndi mgolowo ngati akungoyamwitsa, aziingitsa ana. Koma ndi wofatsa uja, mukumudziwa. Azakhali akamupatsa chikho, adzakana bwanji?

Ndikuopa, amayi. Amalumenso ndikuwaopa. Kutaya thobwa la malemu pamaso pa mwini mbumba si nkhani yamasewera. Adzati ndakunyozani, adzati sukulu yandizunguza mutu, mwinanso pamudzi paja sadzandilola kupondapo. Mukanakhalapo, mukanangowayang'ana kamodzi, iwo n'kukhala pansi. Ine maso amenewo simunandisiyire.

Komabe ndikupita. Ndikangotsiriza kalatayi ndikukakwera minibasi, ndipo ndikulonjeza kuti mgolowo ndikaugubuduza ndi manja angawa, wina afune asafune. Loweruka alendo anu adzamwa madzi a pamjigo. Ndikudziwa kuti munkachita manyazi mlendo akachoka pakhomo panu kukhosi kuli gwa. Mundikhululukire. Ndimakukondani ndipo ndimakusowani tsiku lililonse, koma mdzukulu wanuyu ndi amake sindikutumizirani.

Ine mwana wanu,
Falesi