Akuti Zenera Ndinalikana Ndekha

Okondedwa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi miyendo ija ikukulolani kuyenda? Ine ndilipo, koma mtima ukundiwawa, ndipo wauwawitsa ndi mwana wanu wachisamba.

Mukudziwa kuti nsapato ndimasokera pazenera la chipinda changa. Kuwala ndimakupeza pamenepo, makasitomala amandipezanso pomwepo. Pa getsi maso angawa saonanso bowo la singano.

Eni nyumba akufuna kukonzanso mdadada wathu wonse, ndiye analemba kampani ya kafukufuku kuti imve zofuna za ife a lendi. Wotumidwa wake anali mwana wanuyo. Anafika ndi chifoni chachikulu ngati mbale, chipewa osavula. Ine ndinakondwa, ndimati poti ndi magazi anga, ndinena zakukhosi.

Sanandifunse chimene ndikufuna. Ankandionetsa zipinda zitatuzitatu pachifonicho kuti ndiloze chimodzi. China mpopi mkati koma lendi yokwera, china zenera lilipo koma chimbudzi cha tonse, china chotchipa, chimbudzi chakechake, koma chopanda zenera. Ndikaloza, ankazisakaniza n'kubweretsa zina, mpaka chala chinatopa. Nditati zonse zitatu n'zonyansa, anati poyankhira zimenezo palibe, ndingoloza chimene chikununkha pang'ono. Nditati ndifotokoze za ntchito yanga, anaseka n'kunena kuti amalume asataye malovu, makinawo amadziwa mtima wa munthu kuposa mwini wake.

Za zeneralo ine sindinaziwerengere. Ndinkayesa ndi nthabwala za anthu ophunzira, pakuti ndani angamangire munthu wamoyo chipinda chopanda zenera? Ndiye ndinkangoyang'ana chimbudzi ndi lendi. Mayi wogulitsa makala woyandikana nane akuti iye ankangoloza chapakati kuti mwana wanuyo achoke msanga, mphika unali pamoto. Nawonso amenewo awalemba kuti ndi maganizo a anthu.

Tsopano zotsatira zatuluka. Akuti ife chimbudzi timachikonda koposa, zenera lili kumchira. Njerwa azitsitsa kale pakhomo panga, ndipo chimbudzicho akudzachimata pazenera langa lenilenilo. Nditamuimbira foni mwana wanuyo, anati ndisamuloze chala, chinasankha ndi chala changa chomwe. Ndinalavula pansi, mlongo, ngakhale sankandiona.

Pempho langa ndi limodzi. Inu amakumverani. Muuzeni apite kwa eni nyumba amisiri asanayambe, akanene kuti nkhalamba ija sinamve funso. Ngati akuopa kuipitsa ntchito yake, akanene kuti ndine mbuli, ndavomera. Zikakanika, mundikonzere pogona kumeneko, chifukwa mumdima sindingasoke, ndipo osasoka sindingadye.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa mzime wathu ndi kwa adzukulu onse. Moni wa mwana wanuyo ndausunga kaye.

Tsalani bwino,
Ndine mlongo wanu wosoka nsapato.