Dilaya ya amake mwana

Lolemba, 3 Malichi
Chimakina cha kuntchito chayambanso misala. Kompyuta yaikulu ngati wadilopu, yakale kuposa ukwati wanga. M'mawa imagwira bwinobwino, dzuwa likakwera imaima n'kulemba kuti memole yalakwa. Abwana akuti ikafika Loweruka isanachire aitana wogula zitsulo. Ikapita, ine ndipitira limodzi, chifukwa palibe china chimene ndimadziwa pano. Mantha ndili nawo, kunama ayi.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndasinthanitsa mabolodi a memole. Vuto lasamuka ndi bolodi lachitatu, ndiye wolakwa ndi iyeyo. Koma lili ndi matchipi ambirimbiri ofanana ngati ana a mbewa. Lina loti n'kusinthira kulibe, anasiya kupanga kalekale.

Lachitatu, 5 Malichi
Tchipi chodwala chimaonekera chikatenthedwa. Ndabwereka dilaya youmitsira tsitsi ku saluni ya amake mwana. Chabwino, ndatenga iwo ali kubafa.

Lachinayi, 6 Malichi
Tsiku lonse kuuzira tchipi chimodzichimodzi, pulogalamu yoyesera ikuyenda. Mlonda anasuzumira, akuti, "Mukachimaliza muchiluke." Madzulo ndachigwira: mzere wachiwiri, chakumapeto. Ndinavina ndekha. Kenako dilaya inanunkha, n'kutulutsa utsi, zii.
Kunyumba amake mwana sanandiyankhule. Chakudya ndadzitengera ndekha.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndachotsa tchipi, ndamatira china chochokera pabolodi lina lakale lakufa. Makina ayenda mpaka kuweruka osatsokomola. Abwana angoti, "Mawa vuto lidzakhala linanso. Wazitsulo abwerabe." Mtima wanga uli m'malere.
Amake mwana ayankhula tsopano: "Bambo, mawa ndili ndi makasitomala atatu. Mutu ndi wanu."

Loweruka, 8 Malichi
Amake mwana afika kuntchito kwanga ndi azimayi atatu, mitu yonyowa, marola ali mbwee. Anafunsa kumene kumatuluka mphepo yotentha. Ndinawalozera kuseri kwa makina, kuli mafani. Anaika mipando, azimayi n'kukhala chogonekera makosi, nkhani zili pakamwa.
Posakhalitsa abwana analowa ndi wazitsulo, tepi yoyezera ili m'manja. Anazungulira kuseri n'kuima. Wapakati pa atatuwo anali akazi a abwana, ndipo anati:
"Bambo a Junior, chimenechi ndiye mukuti mugulitse? Chikuumitsa bwino kuposa cha kusaluni. Tsekani chitseko, mukulowetsa mphepo yozizira."
Abwana anatseka. Wazitsulo anali kunja kwake.
Amake mwana akuti sabata yamawa abwera ndi asanu.