Mawaya a M'khoma la Achimwene

Kufupi ndi Fort Lister,
Phalombe.
9 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Cornelius,

Ndikhulupirira kuti kalata iyi ikupezani muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu a Rozaria ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mphepo yotsika m'phiri yayamba kuluma. Ndasankha kulemba pamanja n'kupatsira a Goodman adalaivala chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe.

Zimene amalume a Fraser akuuzani n'zoona. Ndatsekula makatoni anu. Ndadula mitu ya mawaya a netiweki ya makompyuta amene munakwirira m'khoma la nyumba yanu. Sindikulemba kuti ndipepese, ndikulemba kuti mumve nkhani yonse, chifukwa amalume akufotokozerani mchira wokha.

Napolo wa chaka chatha atagwetsa mlatho n'kutenga nyumba yathu pamodzi ndi amayi, munati simungabwere chifukwa cha mapepala. Sitinakudandauleni. Thupi la amayi silinapezeke, ndiye panalibenso manda oti mudzaone. Tinagona pasukulu, kenako m'tenti, nyumba yanu ya malata ili chitsekere, mileme ndiyo ikusangalalamo. Pamapeto munalola kuti ine ndi bambo tilowemo, koma kuzipinda zakumbuyo kokha, osakhudza katundu wa pabalaza. Ndinamvera, achimwene. Kwa miyezi yambiri ndinkadutsa makatoni aja ngati ndikudutsa pamanda.

Bambo amene mukuwadziwa inu, oimba ng'oma ya tchopa, oseka mpaka kutsokomola aja, anapita ndi madzi. Amene anatsala anali munthu wongokhala. Ukawapatsa chakudya ankadya, ukawauza kuti asambe ankasamba, koma mawu ayi. Makutu nawo anagontha pang'ono chichokereni m'matope muja. Kuchipatala anati thupi lili bwinobwino. Tsiku lonse ankangoyang'ana khoma lanu lopaka penti yokongolalo.

Mwezi wa Epulo mayi Belita akukwaya anandionetsa kanema wa paukwati wa mwana wawo, amene anali m'foni. Achimwene, mmenemo muli amayi! Akutsogolera nyimbo, atamanga duku mopendeketsa monga ankachitira. Ndinathamanga nayo foniyo kwa bambo. Anayang'ana, anaiika kukhutu, koma kasipika ka foni sanakamve. Anandibwezera ngati ndawapatsa mwala.

Tsiku lomwelo ndinang'amba makatoni. Ndinapezamo TV, ampulifaya, masipika aakulu akutsogolo ndi ang'onoang'ono akumbuyo, onse akadali m'mapulasitiki. Mawaya a masipika munalibe. Ndikanatha kukagula kuboma n'kuwayala pansi, koma bambo masiku ano amayenda mokoka miyendo, akanakodwa n'kugwa. Apa m'pamene maso anga anagwera pa timasoketi tija munaika m'ngodya iliyonse ya nyumba. Ndinamasula kamodzi n'kusolola waya wabuluu. Zaka zonse ndakhala ndikukonza mafoni ndi mawailesi pamsika mumanditcha wamasewera, koma wayayo ndinamudziwa. M'kati mwake muli timawaya tisanu ndi titatu. Kamodzi n'kowonda, sikangayendetse sipika, koma ukapota ta mitundu tokhatokha pamodzi, toyera tokhatokhanso pamodzi, umakhala ndi mawaya awiri okwanira ndithu.

Chovuta chinali chakuti amisiri anu sanalembe kuti waya uyu akupita kuti. Onse amakumana m'kabokosi ka pakolido, atapiringizana ngati zingwe za mbatata. Ndinkamangirira sipika pangodya, n'kupita kukabokosi kukagunditsa batire ya tochi pa waya uliwonse mpaka ndimve kuti khwe khwe pabalaza. Ndikamupeza ndinkamulumikiza ndi wochokera pa ampulifaya, n'kukulunga ndi tepi. Zala zinachekeka, koma pansi sipanadutse waya ngakhale mmodzi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaika mpando pakati pa balaza n'kukhazikapo bambo. Ndinalumikiza foni ija ku TV, ndinatchera kuti mawu azituluka mbali zonse, kenako ndinayatsa. Kwaya itayamba sanasunthe. Koma amayi atakweza mawu awo aja, bambo sanayang'ane pa TV. Anatembenuka kumbuyo.

"Zelifa!"

Chaka chathunthu osamva liwu lawo, ndiye liwu loyamba n'dzina la amayi. Anadzuka, anapita pangodya, anagwira kasipika kaja ndi manja onse awiri. Ndinaopa kuti ndawapweteka, ndinafuna kuzimitsa.

"Usiye," anatero. Anamvetsera pang'ono, kenako anapukusa mutu. "Akuthamangitsa nyimbo. Amayi ako nthawi zonse amathamangitsa nyimbo."

Anabwerera pampando n'kuyamba kuomba dzanja pa thabwa lake, pang'onopang'ono, ngati akuwabweza kuti ayende bwino. Misozi ikutsika, dzanja likuomba. Itatha anati, "Bwereza." Ndinabwereza mpaka dzuwa linapendeka.

Mbiri inafala. Tsopano Lachitatu masana kumabwera anthu amene anataya abale awo tsiku la napolo lija, aliyense ndi foni yake. Wina ali ndi kanema wa mwamuna wake akuvina pachinkhoswe, wina ali ndi mawu okha a mwana wake akupempha kuti amugulire nsapato. Timalira, timasekanso. Amene amawalandira pakhomo n'kuwalozera pokhala ndi bambo.

Sabata yatha ndi pamene amalume anafika ndi uthenga wanu. Anakana ndi mpando womwe.

"Mwini nyumba akuti mwezi uno usanathe mukhale mutatuluka," anatero. "Pali bungwe likufuna kuikamo ofesi, ndipo chimene lakonda ndi mawaya omwe waonongawo."

"Tituluke tipite kuti, amalume?"

"Akuti akumangirani kanyumba."

"Liti?"

Nthawi yomweyo bambo anali atayatsa okha m'nyumba, ndipo mawu a mlongo wawo anatulukira pawindo. Amalume anavula chipewa. Anaima pamenepo mpaka nyimbo inatha, kenako anakwera njinga osatsanzika. Sindikudziwa ngati zimenezi anakuuzaninso.

Ndiye yankho langa ndi ili: sitituluka. Mawaya sanaonongeke, mitu ndinadulayo imabwezeretsedwa, ndipo ndikhoza kuibwezeretsa ndekha. Koma sindichita zimenezo bambo ali moyo. Njerwa n'zanu, malata n'anu, thukuta limene munakhetsa kumeneko sindikulinyoza. Koma dothi limene munamangapo n'la amayi, analandira kwa amayi awo, ndipo mukudziwa bwino kuti kwathu kuno malo amatsata mwana wamkazi. Sindinafune kufika ponena zimenezi. Inu ndinu amene mudzakhale mwini mbumba amalume akadzatopa. Kodi mbumba yake ndi iti, ife kapena makompyuta a bungwe?

Ngati mwatsimikiza mtima kutitulutsa, musatumenso munthu. Pezani mapepalawo, mubwere nokha. Mudzakhale pampando uja, ndidzakuyatsireni, mudzamve amayi anu akuimba kumbuyo kwanu. Ikadzatha nyimbo, pulaya ili pawindo, mudzadule ndi dzanja lanu bambo akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu. Miracle mumuuze kuti azakhali ake anamva zoti wakhoza mayeso ndipo ananyadira. Alesi sitinamuonepo ndi maso, koma chithunzi chake ndinachimata pakhoma. Mayi Belita akupereka moni, akuti amakukumbukirani m'mapemphero. Nandolo chaka chino waphuka bwino, ndapatsira a Goodman kathumba ka wouma wa chaka chatha kuti ana alaweko zakwawo.

Ndisanatseke ndinapita kwa bambo n'kukuwira kukhutu kuti, "Ndikulembera a Cornelius, ndiwauze chiyani?" Anatembenukira kukhoma kuja, mpaka ndinaganiza kuti abwereranso m'mbuyo. Kenako anati, "Umuuze kuti mlatho anakonza. Galimoto ikufika."

Ndine mlongo wanu wokukondani, ngakhale mukwiye,

Aliness